Mzere Umene Sindinalembe

Kapichi, Thyolo
21 Malichi 1932

Okondedwa achimwene a Zakeyu,

Ndikhulupirira muli bwino ku Halaleko pamodzi ndi alamu a Lestina ndi ana. Ine ndili bwino, ndikadali pa sikelo kuyeza masamba a tiyi. Koma amayi chifuwa chija chakula. Akulavula magazi, ndipo akukana kupita kuchipatala ku Makwasa.

Chawakanitsa ndi kalata yochokera kumwamba. Akuti inagwa pa 3 Januwale pansi pa mbawa kuseri kwa fakitale, ndipo anaitola ndi a Malizani, mlaliki wa kumalaini kogona antchito. Odwala amaigwira, n'kumwa madzi opemphereredwa. Mzere wa 7 wa kalatayo umaletsa mankhwala ena onse.

Achimwene, kalatayo ndinalemba ndine.

A Malizani anandidandaulira kuti anthu asiya kupemphera, nati kapepala kamodzi kangawadzutse. Ndinalemba mizere 11 monga anandiuzira, ndi kuviika pepalalo mu tiyi kuti lioneke lakale. Lero anthu akalinunkhiza amati kumwamba n'konunkhira.

Amayi ndinawauza zoona. Anandiseka, nati mwana amene anamubereka kumsana iwo sangalembe mawu a Mulungu.

Pa 13 Malichi, titaweruka mapemphero, ndinapempha kuti ndiione kalata ija. A Malizani anatsegula chitini chimene amaisungamo. Ndinawerenga katatu: mizere 12. Wotsirizawo ukuti pa 9 Epulo m'nyumba ya wolemba mudzatuluka maliro.

Kalembedwe kake n'kanga, ngakhale 9 wopinda mchira uja ankandikwapulira aphunzitsi. A Malizani sadziwa kulemba kapena kuwerenga, mizere ija anangoiloweza pamtima. Nditawawerengera mzere watsopanowo, chitini chinawapulumuka m'manja. Analumbira kuti kiyi wa chitinicho sanachoke m'khosi mwawo.

M'nyumba muno tilimo awiri, ine ndi amayi. Kwatsala masiku 19.

Chonde bwerani. Ndinu woyamba kubadwa, amayi amakumverani. Mutenge makalata anga onse 6 amene ndinakutumizirani, tidzawayale pambali pa ya m'chitini ija. Amayi sawerenga, koma maso ali nawo, adzaona kuti kalembedwe n'kamodzi. Kalata ino ikayenda masiku 8, inunso masiku 4, titsala ndi sabata imodzi yowanyamulira ku Makwasa.

Sindidziwa ngati tsikulo ndi loona. Chimene ndidziwa n'chakuti magazi aja ndi oona. Ndapempha Mulungu kuti ngati pa 9 pafunikadi munthu, atenge amene anagwira cholembera.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa mwana wanu Magdalena ndi kwa onse akwathu ali kumeneko. Ambuye akusungeni panjira.

Kalata ino ithera pa dzina langa. Mukapeza mawu ena pansi pake, musawawerenge.

Ndine mng'ono wanu,
Goodson