Kapitawo Waphunzira Kugona Yekha

Okondedwa achemwali anga,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu kumeneko. Kodi bondo lija linasiya kuvuta? Nanga alamu ali bwanji, ana asukulu sakuwatopetsa? Kuno tilipo. Mwana ali bwino, akunenepa, masaya ayamba kulendewera. Bambo ake anamutcha Kapitawo, chifukwa akangotsegula pakamwa tonse timasiya zimene tikuchita n'kuthamanga. Dzinali lamukanirira, moti ngakhale anesi akusikelo amamuitana choncho.

Ndasankha kulemba chifukwa pafoni paja tinasiyana moipa. Komanso ndikudziwa kuti ndikamva mawu anu ndinamanso.

Ndifotokoze kaye za mwana, poti ndi zimene munkafunsa. Loweruka likubwerali akwanitsa masabata khumi. Amadzuka sikisi koloko m'mawa, ndipo amamwa mkaka wam'chitini pakatha maola atatu aliwonse. Madzi owiritsa afike pamzere wachinayi wa botolo, timasipuni ta m'chitini momwemo tinayi, tosefukira ayi. Akamwa theka muzimuimitsa kaye, n'kumuika paphewa mpaka ageye. Mukapanda kutero amabweza zonse, ndipo amasankha tsiku limene mwavala zoyera.

Akayamba kutikita khutu lakumanja, ndiye kuti tulo tabwera. Pamenepo osachedwa. Mumukulunge ndi kansalu kopepuka, mumugoneke chagada akadali maso, mutseke katani, mutuluke. Amadandaula pang'ono ngati munthu amene wamanidwa malo m'basi, kenako zii.

Pansi pa nyumba yathu pali kalipentala. Poyamba ndinkakwiya ndi makina ake opalira matabwa, koma ndapeza kuti mwanayu amagona bwino makinawo akamalira. Lamlungu, kalipentala akatseka, ndiye tsiku lovuta. Timayatsa fani n'kuiyang'anitsa kukhoma kuti phokoso lokha lizimveka.

Masabata oyambirira sizinali choncho. Sankagona pokhapokha bere lili m'kamwa. Ndikati ndimugoneke pamatiresi, maso tong'o, ngati ndamuika paminga. Ndinkadya naye ali pachifuwa, kuchapa naye ali pachifuwa. Ndinkadandaula kwa aliyense wobwera kudzamuona. Lero ndikakumbukira madandaulo amenewo ndimadziseka.

Botolo analikana masiku anayi. Ndikamupatsa ine ankapotoza mutu n'kumafunafuna pachifuwa, chifukwa fungo la mkaka ankalimva. Anesi anandiuza kuti pa nthawi yomwa ine ndisamakhalepo. Ndiye ndinapempha mayi wina wosoka zovala, wa khomo loyang'anana ndi lathu, amene timangoti atelala. Iwo ankakhala naye m'chipinda, ine ndinkaima pamasitepe, bulauzi itanyowa, ndikumumva akulira kuseri kwa chitseko. Tsiku lachisanu kulira kunasiya mwadzidzidzi. Atelala anasuzumira n'kundiuza kuti bwana wagonja, wamwa zonse. Ankayembekeza kuti ndisangalala.

Sabata imeneyo ndi imene munaimba foni ija. Mutamva kuti ndamusiyitsa kuyamwa ali ndi masabata asanu ndi limodzi, munandikalipira. Munati atsikana amasiku ano timaopa kugwa mabere kuposa kuopa Mulungu. Ine ndinakuyankhani kuti inu mukudziwa chiyani za mwana.

Achemwali, mawu amenewo andikhala pakhosi mpaka lero. Ndinu amene munandisambitsa, kundiluka tsitsi, kundiperekeza kusukulu amayi ali kuntchito. Zimene mwadutsamo zaka khumi ndi zinayi zam'banja, zipatala zonse zija pofunafuna mwana, ndikuzidziwa kuposa wina aliyense. Ndinasankha dala pamene pali bala kuti musiye kufunsa. Ndikhululukireni.

Chimene sindinkafuna kuti mufunse ndi ichi.

Ndili ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri ndinamva kachotupa kubere lakumanzere. Aliyense amene ndinamuuza ankati ndi mkaka ukukonzekera, nanenso ndinafuna kukhulupirira. Mwana atabadwa sikanachoke. Kuchipatala anadulako kachidutswa n'kukapima, kenako anandijambula thupi lonse. Ndi khansa. Yafika kale kuchiwindi ndi m'mafupa amsana.

Adokotala ake ndi mayi wodekha, wovala magalasi. Ndinawafunsa ngati ndidzamuone mwanayu akuyamba sukulu. Anati tiyeni tiyambe talimbana ndi miyezi ili kutsogoloku. Ndinafunsanso ngati ndidzamuone akuyenda. Anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta, ndipo anawapukuta nthawi yaitali. Sindinafunsenso.

Anandiuza kuti mankhwala ake amalowa mumkaka, choncho ndisanayambe kulandira mwana asiye bere. Apa ndi pamene ndinachita chinthu chimene sindinauze munthu. Ndinauza alamu anu, bambo a Kapitawo, kuti kuchipatala asintha tsiku. Sanasinthe. Ndine ndinazengereza masabata awiri athunthu, kuti ndimuyamwitseko pang'ono. Sindikudziwa ngati masabata amenewo anandidyera miyezi. Sindinafunse, ndipo mutandibwezera nthawi ndikuganiza kuti ndingachitenso chimodzimodzi.

Tsopano ndalandira mankhwala kawiri. Sochiza ayi, anandiuza mosabisa, ndi ongochedwetsa. Ndikachokera kumeneko ndimagona masiku atatu, beseni lili pambali pa bedi. Tsitsi layamba kutsalira papilo. Msana sundilola kumubereka, ndipo kumunyamula kuchoka pamatiresi ndimachita kuwerenga mpaka katatu.

Alamu anu sakuvomereza. Mukuwadziwa, moyo wawo wonse akhala akukonza mafiriji, ndipo amati palibe chinthu chosakonzeka, chimangosowa munthu wodziwa. Akaweruka amakhala pampando ndi foni, kufufuza madokotala ena. Nditawapempha kuti aphunzire kusambitsa mwana, anati bwanji ndikulankhula ngati munthu wapaulendo, ndikachira ndizimusambitsa ndekha. Anatuluka n'kukaima pakhonde mpaka madzi anazizira m'bafa.

Ndi munthu wabwino, amamukonda mwana wake. Koma amachoka seveni koloko, ndipo kumene aitanidwa ndi kumene amapita, nthawi zina masiku awiri. Amayi awo maso anafooka. Alongo awo aliyense nyumba ndi yodzaza. Atelala andithandiza kwambiri, koma ali ndi makina awo ndi ana awo, ndipo si mbale wathu.

Ndiye mwaona, achemwali, ndondomeko yonse ija ya maola ndi mizere ya botolo sindinaipangire ine. Ndinkafuna kuti amene adzamutenge adzalandire mwana wosavuta, woti sangatope naye. Ndinamuphunzitsa kugona popanda bere langa, popanda dzanja langa pamsana, popanda kanyimbo kalikonse kochokera pakamwa panga. Ndinasiya dala kumuimbira, kuti asadzafune mawu amene kulibe.

Ndipo waphunzira. Anesi anandiyamikira pamaso pa amayi ena kusikelo, akuti atengere chitsanzo kwa ine.

Lachiwiri lapitali masana ndinamugoneka monga mwa nthawi zonse. Sanadandaule n'komwe. Anangoyang'ana katani, n'kuyasamula, n'kugona. Ine ndinaima pamenepo ndikumuyang'ana. Sindikudziwa chinandigwira n'chiyani. Ndinavundukula kaphazi kake n'kukatsina. Osati kwambiri, koma ndinakatsina, kuti adzuke, alire, andifune.

Anadzuka, analira. Ndinamunyamula, msana ukuyaka moto, ndikumuuza kuti pepa, amayi alipo. Sanatonthole. Anadzikunga n'kumandikankha ndi timanja. Atelala anamva, anabwera, anamulandira, ndipo asanafike ndi pakhomo anali atagonanso paphewa pawo. Anandifunsa chimene chamudzutsa. Ndinati mwina udzudzu.

Tsiku limenelo ndi limene ndinagula pepala ndi envelopu.

Pempho langa ndi ili. Bwerani mwezi uno usanathe, ndikadali ndi mphamvu zokuonetsani ndi manja anga. Mudzakhale nafe masabata awiri kapena atatu, akuzolowereni ine ndikuona. Nthawi ikadzakwana, mudzamutenge. Bambo ake azidzabwera kudzamuona, ndipo akadzakula adzasankha okha awiriwo, koma zaka zoyambazi akufunika munthu amene akadzuka azimupeza.

Alamu anu sakudziwa kuti ndalemba kalatayi. Adzakwiya, mwina sadzakulankhulani tsiku loyamba. Muwapirire. Ndikuganiza kuti akadzakuonani mutanyamula mwana m'nyumba muno, adzamva zimene ine ndalephera kuwauza.

Mukambirane ndi alamu kumeneko, poti nyumba ndi ya anthu awiri. Ngati n'zosatheka mundiuze msanga, mosandinyengerera. Sindidzakusungirani mangawa. Ndikudziwa kuti ndikukupemphani chinthu chachikulu, ndiponso ndikuchipempha ndi pakamwa pomwe panakunyozani.

Mukavomera, tsogozani bulauzi imodzi imene mwaivala tsiku lonse, yosachapa. Muitumize ndi basi, atelala akailandira. Ndizimuyalira pamapewa anga pomumwetsa, kuti pamene muzifika adzakhale akukudziwani kale.

Chinthu chimodzi chomaliza. Akadzayamba kulankhula adzakutchani amayi. Musadzamukonze. Za ine mudzamuuze akadzafunsa yekha, ndipo mudzamuuze zoona, kuti ndinali waliuma komanso wapakamwa.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa amalume ndi akazi awo, ndi kwa onse amene amandifunsa. Amayi muwauze kuti mdzukulu wawo akukula ndipo watenga mphumi yawo. Zinazi musawauze, magazi awo aja angakwere. Ndidzawauza ndekha ndikapeza poyambira.

Mulungu akusungeni, akupatseni mphamvu zimene ine zikundithera.

Ndine mng'ono wanu,
Make Kapitawo