Fuwa la pa Mawondo a Lusiya

Amayi, kodi mukudzuka bwanji kumeneko? Kuno ku Utale mwera wayamba msanga chaka chino. Thonje tinatola n'kukagulitsa ku Balaka, mapira nawo sanatichititse manyazi. Mbuzi yanu yamawanga ija yaswa awiri. Bambo a ana akadali ku Halale, amangotumiza moni.

Koma nkhani ndi ya Lusiya, mwana wanga uja munamusiya akukwawa. Akudwala momwe ankadwalira mlongo wanga Mikaeli. Kukangozizira, miyendo ndi manja zimamuphwanya, maso amachita chikasu, amalira mpaka mawu kutha. Ine ndimangozungulira nyumba ngati nkhuku yofuna poikira.

Ndinakumbukira zomwe munkachita. Munkachotsa fuwa limodzi pamoto, n'kulikulunga m'chiguduli, n'kuliika pa mawondo a Mikaeli. Mphika unkasowa pokhala, ife n'kumadandaula njala, inu n'kumati, "Mimba imadikira, ululu sudikira." Ndinkakwiya nanu, Amayi. Lero nanenso ndikumuchitira Lusiya zomwezo, ndipo ana anga enawa ndi amene akundikwiyira.

Asisitere a kumishoni anamubaya chala Lusiya n'kuona magazi ake m'galasi lokulitsa zinthu. Akuti ndi opindika ngati zenga lomwetera udzu, ndipo mankhwala ochiza palibe. Ndizingomufunditsa, kumumwetsa madzi ambiri, akatentha thupi ndizithamanga naye. Akutinso nthendayi yachokera kwa ine ndi kwa bambo ake omwe. Nanga bwanji tonse awiri tikulima bwinobwino? Pamenepa mutu wanga waima.

Malume Aloisi akuti abwera Loweruka ndi munthu wotema mphini kuti magazi oipa atuluke. Iwo akuti inu munakana kuti Mikaeli atemedwe, n'chifukwa chake tinamuika m'manda. Mayi aang'ono akulumbira kuti munalola, ndipo mphinizo n'zimene zinamumaliza. Onse akuti analipo. Ine ndinali wamng'ono. Ndikatseka maso ndimaona fuwa ndi manja anu, koma miyendo ya Mikaeli sindiiona, munkaifunditsa nthawi zonse. Asisitere akuti magazi a mwanayu ndi ochepa kale, asatayikenso. Malume akuti mwana ngwa mbumba yawo. Munkakonda kunena kuti mawu a akulu akoma akagonera, koma akulu akewo ndi ati, Amayi?

Ndikuopa. Ndikakana mphinizo Lusiya n'kutisiya, adzati ndamupha ndine. Ndikalola iye n'kutisiya, ndidzadziuza ndekha zomwezo. Dzulo ululu utachepa, Lusiya anakumbatira fuwa lija n'kugona, ndipo ndinalira chifukwa nkhope yake inali ya Mikaeli yeniyeni.

Ngati kumeneko amalola, ndiuzeni kumaloto: munalola kuti Mikaeli atemedwe kapena iyayi? Mukapanda kubwera, malume adzandipeza pakhonde nditamufukata Lusiya, ndipo chimene ndidzawayankhe sindikuchidziwa. Chimene ndikulonjeza n'chimodzi: fuwa lake silidzazizira, ngakhale nyumba yonse igone ndi njala. Mikaeli mumufunditse, kuno kwazizira.

Ine mwana wanu wokukondani,
Agata