Mkono wa kireni ya mdala

Lachinayi. Tsiku loipa, kutentha kwake kosapumitsa.

M'mawa anandituma ku Armadale kukanyamula kireni yakalekale ya mdala wina wachizungu, msinkhu wa malemu bambo anga. Imayenera kugona kuntchito kwathu ku Canning Vale, Loweruka ipite ku chionetsero cha makina akale. Nditaikweza pa thirela yotsika ya lole yanga n'kuimanga matcheni, ndinayeza ndi tepi. Mkono wake unali m'mwamba kwambiri. Ndinati, "Bambo, bwanji tiutsitseko pang'ono?" Iwo anaseka. "Kireni iyi ndinayamba kuiyendetsa iwe usanabadwe. Tiye."

Ana awo anali pomwepo, akumva. Ndikanawatsutsa bwanji pamaso pa ana awo? Ndinapinda tepi yanga n'kuliza lole.

Pa geti la kuntchito kwathu pali chitsulo chopingasa pamwamba. Mkono unawomba pamenepo, gudumu la chingwe n'kuthyoka. Akuti magudumu amenewa anasiya kalekale kupanga.

Bwana sanafune kumva zambiri. "Unayeza?" Ndinati inde. "Ndiye unanyamukiranji?" Mdala aja anali pambali, akusisita kireni yawo ngati pamaliro, osatsegula pakamwa kuti anakana ndi iwo.

Kalata yochenjeza ili patebulo apa. Mayi a Tadala sindinawauze. Kwathu ndinakula akundiyamikira kuti sindiyankha akulu. Kuno kudziko la eni khalidwe lomwelo landilembetsa kalata. Mawa akufuna ndikasayine kuti wolakwa ndine. Ndipo ndikudzidziwa bwino: ndikasayina, mwinanso n'kunena zikomo.