Satifiketi ya Chipale Chofewa

Amayi, kodi mwadzuka bwanji kumeneko, ngati kumenekonso kumacha?

Khalani pansi, nkhaniyi ndi yaikulu. Mwana wanu wa digiri uja tsopano ali ndi satifiketi yoyendetsa galimoto pa chipale chofewa. Ndaitengera konkuno ku Nairobi, mu ofesi ya pakati pa tauni, fani ikuzungulira, tonse thukuta lili kamukamu. Bungwe lathu likunditumiza ku Ulaya mu Okutobala, mwezi womwewo umene achimwene asankha kuti tidzaike mwala pamanda anu. Ndiye ayamba atiphunzitsa kusagwera m'ngalande za eniake.

Mphunzitsi wake, mzungu wa ndevu zofiira, anatiululira zinsinsi: uphwetseko matayala pang'ono, unyamuke ndi giya yachiwiri, usaponde moto mwaukali, kumbuyo uikeko matumba a mchenga kuti galimoto ilemere. Anzanga ankalemba ngati Malamulo Khumi. Ine ndinkangoona inu, tsiku lija lole inatitimira nafe m'dambo la ku Thuchila. Dalaivala akulizitsa injini, inu munati, "Bambo, galimoto sakalipira, amanyengerera." Kenaka munasankha amayi onenepa okhaokha n'kuwakhazika pamwamba pa matayala akumbuyo. Ena anakwiya posankhidwa, ena anakwiya posiyidwa. Lole inatuluka, ndipo palibe anakupatsani pepala.

Lamulungu lapitali ndinayesa maphunzirowa m'matope a ku Kahawa, pochokera kutchalitchi. Mchenga ndinalibe, ndiye ndinapempha mpongozi wanu kuti akhale kumbuyo. Galimoto inatuluka bwinobwino. Amene watsala m'matope ndine, mpaka lero tiyi ndikudzithirira ndekha.

Musamuweruze, ndi mchembere watsopano. Kunabadwa mtsikana, tinamupatsa dzina lanu, ndipo akafuna chinthu amakwinya chipumi ngati inu nomwe. Ana athu akuluakulu awiri aja ndikati mwadzuka bwanji, amayankha m'Chiswahili kuti "nzuri", ngati ndine kondakitala wa matatu, maminibasi a kuno. Achemwali alemba kuti chimanga chachita bwino, koma anankafumbwe alowa m'nkhokwe chifukwa palibe amene akudziwa kuchuluka kwa phulusa limene munkathira.

Za mwala zija, achimwene ndawalembera kuti ntchito yandikakamiza. Inu sindingakunamizeni. Anandifunsa mwezi umene ndingakonde kunyamuka, ndipo Okutobala ndinatchula ndekha. Pa maliro anu telegalamu inandipeza mochedwa, ndinali ndi pobisala. Ulendo uno ndilibe. Ndikuopa kuwerenga dzina lanu litalembedwa pamwala, Amayi, pakuti ndikakhala kutali chonchi ndimatha kuganiza kuti mwangochedwa kuyankha makalata.

Tsono abale onse adzaimba pamanda paja, ine kulibe, ndipo sadzalakwa akadzandinena. Koma ndidzabwera. Ndidzafika ndekha, tsiku lopanda mwambo, ndi khasu lobwereka, ndidzalambule udzu n'kuliwerenga dzinalo mokweza.

Ndine wanu wokukondani,
Yotamu