Basi ya Anthu Anayi

Ilford, London
14 Novembala 2006

Okondedwa achimwene Anderson,

Kuno mvula ikuwaza chiyambire m'mawa, ndipo ngakhale ili 3 koloko masana, kunja kwayamba kale kuda. Ndikulemba ndili wokwiya, mundikhululukire.

M'kalata yanu munaiseka basi imene ndimakwera popita kuntchito. Munati minibasi yanu ya ku Thyolo singanyamuke pa siteji ya Limbe ndi anthu anayi, ndiye azunguwa akungotaya mafuta. Sangalalani, a khonsolo aganiza ngati inu. Basi ija aichotsa. Loweruka linali tsiku lake lomaliza.

Anthu anayiwo ndi ine, Winfrida mnzanga wa ku Chipata, mayi wina wosesa kusukulu, ndi bambo Maurice. Nyumba yosamalira okalamba imene ine ndi Winfrida timagwirako ili m'katauni kakang'ono kunja kwa London, kopanda sitima. Bambo Maurice ali ndi zaka 81, maso anafooka, anawaletsa kuyendetsa galimoto. Akazi awo, mayi Gladys, timawasunga ife. Anaiwala zonse, ngakhale ana awo sawazindikira. Koma supuni ikakhala m'dzanja la amuna awo, amatsegula pakamwa. Tikayesa ife amaluma mano n'kuyang'ana kukhoma.

Mwezi watha kunali msonkhano m'holo ya tchalitchi. Anauika 7 koloko madzulo, chonsecho basi yomaliza inkachoka 6 koloko. Ndiye wokwera basi akanafika bwanji? Ine ndinagona kuntchito dala kuti ndikhalepo. Bwana wa khonsolo anati katauniko n'kochepa, aliyense ali ndi galimoto, basi imangonyamula mphepo. Onse anavomereza ndi mitu, makiyi a magalimoto awo ali m'manja.

Apa ndi pamene pakundipweteka, achimwene. Mawu ndinali nawo, ndinawalemba papepala, Winfrida anandikonzera Chingelezi chake. Bwanayo atafunsa ngati alipo wotsutsa, ndinadikira kuti andiloze, monga timachitira kwathu pamaso pa akuluakulu. Iye anangoyang'ana wotchi, nati popeza palibe, nkhani yatha. Kuno ukakhala chete amalemba kuti wavomera. M'mawa mwake Winfrida anandikalipira: "Iwe Mwayi, kuno sibasonta munthu na chala. Unyamuka chabe na kukamba."

Tsopano timakwera basi ina, timatsika patali n'kuyenda m'mbali mwa msewu pafupifupi ola lathunthu. Ife zilibe kanthu, miyendo tili nayo. Koma dzulo bambo Maurice anayesa kuyenda njira yomweyo. Anafika nthawi ya chakudya itadutsa, thalauza lili matope okhaokha. Nesi wamkulu anawabweza pa galimoto yake ndi kuwauza kuti asadzayesenso. Mwana wa bambo Maurice akuti azitha kuwabweretsa Lamulungu lokha. Kodi munthu amadya Lamulungu lokha?

Pochoka bambo Maurice anandisiyira chipewa chawo. Anati ndizivala podyetsa, mwina mayiwo aziganiza kuti ndi iwo. Lero m'mawa ndinavala, anzanga akundiseka. Mayi Gladys anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatembenukira kukhoma. Phala ndinabwerera nalo kukhitchini.

Moni kwa alamu ndi ana. Moni kwa amayi, koma za msonkhano zija musawawerengere. Ndi iwo anandiphunzitsa kudikira kulozedwa, ndipo sindifuna adziwe kuti ndawakwiyira.

Ndamaliza kulemba Lachiwiri, 4 koloko madzulo.

Ine mlongo wanu,
Mwayiwathu