Pasiwedi Yapita ku Maliro

Lachisanu. Tsiku lowawa.

Ndinalawira kuchoka ku Chinsapo kupita ku laibulale ya pa yunivesite. Nyuzipepala ya pa intaneti yolemba za maphunziro apamwamba yalengeza mwayi wokaphunzira kunja mwaulere, ndipo kulembetsa kukutha lero. Vuto ndi lakuti imatseguka pa kompyuta ya mulaibulale yokha, ndi pasiwedi.

Mayi wa pakauntala anati, "Pasiwediyo ili m'kabuku ka abwana, ndipo apita ku maliro ku Dedza. Mubwere Lolemba, achimwene."

Ndinapempha kuti tiwaimbire foni. Anandidzudzula kuti munthu ali pasiwa sitimuvutitsa ndi za ntchito.

Nditafika kunyumba, amayi anandifunsa ngati ndalembetsa. Ndinangoti eya.

Ku Dedza aika mmodzi, koma maliro ndi awiri. Angawa palibe wodzandipepesa.