Ndemanga za Apa

Lamlungu, 3 Malichi

Bwana wathu Mostak Bhai (Bhai ndiye kuti achimwene) andigwetsera ntchito. Ndemanga zonse zofotokozera mizere mu pulogalamu yoyendetsa sensa, kachipangizo koyeza madzi m'maiwe a nsomba, zisinthidwe. Kasitomala akufuna za Chingerezi, za `/** */` zija zimene makina amatolera n'kupanga buku lofotokoza pulogalamuyo. Zithe sabata ino. Ndangoti chabwino Bhai, koma mtima uli myuu.

Faelo ya pulogalamuyi ndi ya Dilruba Apa, mkulu wanga pantchito (Apa ndiye kuti achemwali). Analemba okha, ine ntchito ndinaphunzirira momwemo.

Lolemba, 4 Malichi

Apa akadali kunyumba ku Mirpur. Chiwagwereni sitiroko, dzanja lamanja silikugwira, mawu akutuluka odukaduka.

Ndemanga zawo ndi za `//`, m'Chibangla, pambali pa nambala iliyonse yosasintha. Pa 250: "Sensa idzuke kaye, usaithamangitse." Pa 0x38: "Adiresi. Osakhudza, Tahmid, ndikukuona." Tahmid wake ndine. Ndaseka ndekha, kenaka misozi. Ndathawira pansi kukamwa tiyi.

Lachitatu, 6 Malichi

Ndapempha kuti zakale zitsale m'munsi mwa zatsopano. Bhai akuti ayi, faelo si chimbale cha zithunzi. Sananene mwankhanza, komabe zandibaya.

Chondiwawa kwambiri n'chakuti git, kaundula wa zonse zimene timasintha, imasunga dzina la wokhudza mzere komaliza. Ndikangotumiza, la Apa lichoka paliponse, patsala langa. Iwo ali moyo!

Lachinayi, 7 Malichi

Ndamaliza. Zaukhondo, nambala iliyonse ndi muyeso wake, koma zozizira. Sindinatumize, dzanja likukana.

Lachisanu, 8 Malichi

Titatuluka ku mzikiti ndapita ku Mirpur nditanyamula yogati wotsekemera. Amuna awo, Dulabhai, andilowetsa n'kunong'oneza kuti ndisawatopetse. Apa aonda. Ndatsekula laputopu ndili wera, ngati mwana woti waswa kapu.

Awerenga nthawi yaitali, ine thukuta lili kamukamu. Kenaka chala chakumanzere chagogoda pagalasi. Ndayang'anitsitsa. Mayo ine! Ndemanga ndinaziika kumapeto kwa mzere monga ankachitira iwo, koma ndinalemba `/**` osawonjeza `<`. Popanda kachizindikiro kameneko, ndemanga iliyonse imamatirira nambala ya m'munsi mwake. Buku lonse likananama.

Ndati pepani Apa, ndikonza pompano. Akankha dzanja langa, n'kukokera laputopu pamiyendo. Mzere ndi mzere, chala chimodzi, akuwonjeza `<`. Pena amaphonya n'kufufuta. Ndinafunitsitsa kuthandiza koma ndinapinda manja. Tiyi mpaka wazizira.

Atafika mzere womaliza, ndatenga laputopu. Pa dzina la wolemba ndachotsa langa n'kuikapo lawo, ndatumiza, ndawaonetsa. Kuchokera pamwamba mpaka pansi: Dilruba, Dilruba, Dilruba.

Andiyang'ana, mbali imodzi ya pakamwa ikumwetulira.

"Wopusa," atero.

Dulabhai aika kapu pansi pang'onopang'ono. Akuti chitulukireni m'chipatala, limeneli ndiye liwu loyamba kutuluka lathunthu.